Mafunso a Owerenga: Tchizi, Usipa ndi Kutentha kwa ku Mangochi

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Mangochi, ndipo ochuluka akufunsa za tchizi. Sitikudabwa. Abale obwera kuchokera ku Joni amachinyamula m'zikwama, malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amachiika patebulo, ndipo masitolo akuluakulu amachigulitsa. Tasankha makalata amene mayankho ake angathandize anthu ambiri.

Alamu anga abwera kuchokera ku Joni ndi chibuma cha tchizi chachikasu, papaketi palembedwa kuti Cheddar. Ana achikonda, koma ine ndikuona ngati ndi mafuta okhaokha ngati majarini. Kodi muli chakudya chenicheni m'menemu?
*Mayi wa ana anayi, Namwera*

Muli chakudya, mayi. Majarini amapangidwa kuchokera ku mafuta a mbewu, pamene tchizi ndi mkaka umene auchotsa madzi. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba ngati chanucho, pamalowa malita pafupifupi 10 a mkaka. N'chifukwa chake chimadula, ndipo n'chifukwa chake kachidutswa kakang'ono kamakhala ndi zambiri.

Muyezo wabwino wa munthu mmodzi ndi kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi, kolemera magalamu 30. M'kachidutswa kameneka muli mapuloteni, omwe ndi zomanga thupi, okwana magalamu 7, kuposa pang'ono a m'dzira limodzi. Muli kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano wopitirira mamiligalamu 200, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 1,000 patsiku. Mulinso vitamini A, vitamini B12 ndi zinki. Koma simunaname pa za mafuta: m'bokosi la machesi lomwelo muli magalamu 10 a mafuta ndi theka la galamu ya mchere. Gawo limodzi mwa magawo atatu a chibuma chanucho ndi mafuta.

Zimene mulibe n'zofunikanso kuzidziwa. Ayironi wowonjezera magazi ndi wochepa zedi, vitamini C mulibe, ndipo gaga wothandiza kuti chimbudzi chisavute mulibenso. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsa kusikelo, tchizi chili m'gulu la zanyama limodzi ndi nsomba, mazira ndi mkaka. Choncho chimalowa m'malo mwa nsomba kapena dzira, osati m'malo mwa masamba. Anawo muziwapalira tchizi pa mbatata yotentha, pa dzungu, m'mazira okazinga kapena m'phala, masamba ndi chipatso zili pambali.

Tinene chilungamo apa, chifukwa ena amayamba kuona ngati chakudya cha m'paketi chimaposa cha kwathu. Usipa wouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Mukayeza usipa wolemera chimodzimodzi ndi kachidutswa ka tchizi kaja, mapuloteni ake ndi kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo popeza timaudya ndi minga ndi mitu yomwe, kashiamu wake sachepa. Ulinso ndi ayironi amene tchizi chilibe. Chibumacho chikatha musadandaule, ndipo musasiye kugula usipa kapena kambuzi wa ku Malombe kuti ndalama ikwanire tchizi.

Ine ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, akazi anga ali ndi matenda a shuga. Tonse timakonda buledi wa tchizi m'mawa. Tisiye?
*Bambo wopuma pantchito, Monkey Bay*

Kusiyiratu ayi, bambo, koma tsiku ndi tsiku kwachuluka. Tiyambe ndi inu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku. Imeneyi ndi supuni imodzi ya tiyi, kuphatikiza mchere wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wobisika m'zakudya zogula. Kachidutswa ka Cheddar kapena Gouda ka magalamu 30 kamatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a muyezo umenewu. Vuto n'lakuti pa buledi anthu samaika bokosi limodzi la machesi, amaika awiri kapena atatu, ndipo buledi yemweyo ali kale ndi mchere.

Mitundu ya tchizi imasiyana kwambiri pa nkhani ya mchere. Tchizi chopyapyala chokutidwa m'mapulasitiki chimodzichimodzi chija amachisungunula n'kuthiramo michere ina kuti chisalale, motero nthawi zambiri mchere wake umawirikiza kawiri wa Cheddar. Feta amaisunga m'madzi a mchere, ndiye kwa inu si yabwino. Mozzarella ili ndi mchere ndi mafuta ocheperako. Mukamagula, tembenuzani paketi mufune mawu akuti sodium pa magalamu 100. Nambala imeneyo muichulukitse ndi 2.5 kuti mupeze mchere: sodium wa mamiligalamu 600 ndi mchere wa galamu imodzi ndi theka, ndipo chakudya chopitirira pamenepo chimawerengedwa kuti ndi cha mchere wambiri.

Tsiku limene mwadya tchizi muchepetse kwina. Tizibuma tokometsera ndiwo, nsomba zothira mchere, soseji ndi polone zidikire tsiku lina. Soda wophikira therere nayenso ali ndi sodium, ngakhale samveka mchere pakamwa. Anthu ambiri odwala BP amaiwala zimenezi.

Palinso mafuta. Pa magalamu 10 aja, 6 ndi a mtundu woundana, umene umakweza mafuta oipa a m'magazi, aja achipatala amati cholesterol. Munthu wamkulu asamapitirire magalamu 20 a mafuta a mtundu umenewu patsiku. Ndiye mukaika tchizi pa buledi musapakenso majarini kapena batala.

Kwa amayi kunyumbako, tchizi pachokha sichikweza shuga m'magazi, popeza shuga ndi sitalichi mulibemo kwenikweni. Chokweza shuga pa kadzutsa wanuyo ndi buledi woyera ndi tiyi wotsekemera. Komabe matenda a shuga amaononga mitsempha, mtima ndi impso, ndiye muyezo wa mchere ndi mafuta umene tanena ukuwakhudza iwonso. Bokosi limodzi la machesi aliyense, kawiri kapena katatu pasabata, pa buledi wabulawuni ndi tomato. Muzichipala m'malo mochidula, chifukwa chopala chimafalikira pa buledi yense ngakhale chili chochepa. Ngati achipatala anakuuzanipo kuti impso zayamba kufooka, muwafunse kaye, popeza tchizi chili ndi phosphorus wambiri amene impso zodwala zimavutika kutulutsa.

Ndikamwa mkaka m'mimba mumabangula, mumadzaza mpweya, nthawi zina ndimatsegula. Ndiye kuti tchizi ndisayandikire?
*Mnyamata wa ku Malindi*

Achimwene, zimene mukufotokozazi si matenda achilendo. Mumkaka muli shuga wake wachilengedwe wotchedwa lakitozi. Khanda limagaya shuga ameneyu mosavuta, koma mwa akuluakulu ambiri kuno kwathu mphamvu yomugaya imachepa munthu akamakula. Shuga wosagayikayo amafika m'matumbo aakulu, tizilombo ta m'menemo timamuwiritsa, ndiye mpweya ndi kutsegula mumanenako.

Kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi lakitozi pafupifupi magalamu 12. Popanga tchizi, shuga wambiri amatuluka limodzi ndi madzi, ndipo wotsalayo amadyedwa ndi tizilombo tosasitsa pa miyezi imene tchizi chikukhwima. Lakitozi wa m'kachidutswa ka Cheddar kapena Gouda safika ngakhale theka la galamu. Choncho yambani ndi theka la bokosi la machesi, mudye limodzi ndi chakudya china, muone tsiku lonse. Tchizi chofewa chosakhwima, ndiponso chija chopyapyala cha m'mapulasitiki, chimakhala ndi lakitozi wochulukirapo. Chambiko ndi yogati zili pakati: ambiri amene mkaka umawakana amamwa chambiko popanda vuto.

Koma ngati mukamwa mkaka mumatuluka zidzolo zoyabwa, milomo imatupa kapena mpweya umabanika, imeneyo ndi nkhani ina. Thupi likukana mapuloteni a mkaka, ndipo mapuloteni amenewo ndi amene adzaza mu tchizi. Zikakhala choncho musalawe n'komwe, pitani kuchipatala.

Ndine Msilamu. Ndamva kuti popanga tchizi amathiramo zinthu za m'mimba mwa nyama. Ndi zoona? Nanga ndingadye pa daku, chakudya cha m'bandakucha tisanayambe kusala, m'mwezi wa Ramadhan?
*Bambo wa kwa Mponda*

Mwamva zoona, bambo. Kuti mkaka uundane bwino amathiramo kanthu kotchedwa reneti. Kalekale reneti yambiri inkachokera m'chifu cha mwana woyamwa wa ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa, ndipo mitundu ina mpaka lero imapangidwa choncho. Tchizi cha ku Italy chotchedwa Parmigiano Reggiano, malamulo ake salola reneti ina koma ya mwana wa ng'ombe. Masiku ano makampani ambiri amagwiritsa ntchito reneti yochokera ku nkhungu ndi tizilombo tina tolimidwa m'fakitale, yopanda chilichonse cha nyama. Papaketi amalemba kuti microbial rennet, kapena non-animal rennet, kapena suitable for vegetarians.

Ngati reneti ndi ya nyama, funso limakhala loti nyamayo inazingidwa mwa Chisilamu kapena ayi. Apa ophunzira achipembedzo anasiyana maganizo kuyambira kale: otsatira Imam Shafi'i salola reneti ya nyama yosazingidwa bwino, pamene Imam Abu Hanifa analola. Ife si oweruza nkhani imeneyi, afunseni ashehe anu. Njira yachidule ndi kuyang'ana chizindikiro cha halaal. Pa tchizi chochokera ku South Africa mumapeza zizindikiro za mabungwe monga SANHA kapena MJC. Akhristu ndi ena amene sadya nyama koma amamwa mkaka angathenso kudalira mawu omwe aja a papaketi.

Za daku: mapuloteni ndi mafuta amachedwa kuchoka m'mimba, ndiye tchizi chimathandiza kuti njala isafulumire. Koma mchere wake umabweretsa ludzu, ndipo ludzu la masana a ku Mangochi mukulidziwa. Kachidutswa kamodzi kakwana, ndi madzi ambiri. Feta ndi tchizi chopyapyala chija muzisungire nthawi yofutulu, pomasula kusala dzuwa likalowa.

Mpongozi wanga ndi woyembekezera, miyezi isanu. Pakhomo pomwepa palinso mdzukulu wina wa miyezi isanu ndi itatu. Onsewa angadye tchizi?
*Agogo a ku Makanjira*

Agogo, mwachita bwino kufunsa musanapereke. Kwa apongozi anuwo, tchizi cholimba monga Cheddar ndi Gouda n'chabwino, ndipo kashiamu wake akufunika pa nthawi ino. Choopsa ndi tchizi chofewa, chonyowa, chokhala ndi nkhungu yoyera kunja monga Brie ndi Camembert, chija cha mizere yabuluu mkati, komanso chilichonse chopangidwa ndi mkaka wosawiritsa. M'mitundu imeneyi mumatha kukhala kachilombo kotchedwa listeria. Kachilombo kameneka n'kovuta chifukwa kamaswana ngakhale m'furiji, ndipo chakudya sichinunkha kapena kusintha maonekedwe. Mayi amangomva ngati chimfine kapena malungo, koma pathupi pamatha kuchoka, kapena mwana kubadwa wakufa. Ndi kachilombo komweka kamene kanadwalitsa anthu opitirira 1,000 ndi kupha opitirira 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018, ngakhale kuti nthawi imeneyo kanachokera mu polone. Moto umakapha: tchizi chofewa chikaphikidwa mpaka kutuluka nthunzi mkati mwenimweni, chingadyedwe. Papaketi muzifuna mawu akuti pasteurised, kutanthauza kuti mkakawo anautenthetsa kuti tizilombo tife. Mkaka wosawiritsa umathanso kunyamula TB ya ng'ombe ndi matenda otchedwa brucellosis. Chenjezo limeneli likukhudzanso okalamba ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi chatsika.

Mdzukuluyo wadutsa miyezi 6, ndiye wayamba zakudya zina pamwamba pa bere. Angalawe tchizi cholimba chopala, supuni imodzi ya tiyi, chosungunulira m'phala lotentha. Musamupatse chidutswa m'manja, angatsamwe. Musapitirirenso muyezo umenewu, chifukwa impso za mwana wosakwana chaka sizifuna mchere wofika galamu imodzi patsiku, ndipo mkaka wa m'mawere uli kale ndi wake.

Koma tikupempheni chinthu chimodzi. Pa msinkhu umenewu chimene mwana amasowa kwambiri ndi ayironi, ndipo tchizi sichingamupatse. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira, ndipo Mangochi anali m'gulu la maboma amene vutoli ndi lalikulu, chonsecho nyanja ili pakhomo. Kazingani usipa pang'ono popanda mchere, muusinje, muusefe, muzithira supuni imodzi m'phala la mgaiwa limodzi ndi nsinjiro ndi masamba osinja. Dzira, chiwindi ndi nyemba zizisinthana. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kuposerapo.

Ndikumwa mankhwala a TB. Nditadya tchizi nkhope inatentha, mutu unawawa, mtima unkagunda kwambiri. Chinachitika n'chiyani?
*Mayi wa ku Chilipa*

Pepani mayi. Mwa mankhwala a TB muli ena otchedwa isoniazid, omwenso amaperekedwa poteteza TB kwa anthu amene ali pa ma ARV. Tchizi chokhwima nthawi yaitali chimakhala ndi tinthu tiwiri, tyramine ndi histamine, timene thupi limaphwanya mosavuta masiku onse. Isoniazid amafooketsa ntchito yophwanyayo, ndiye mwa anthu ena tinthuti timachuluka m'magazi n'kubweretsa zimene mwanenazi. Siyani tchizi cholimba mpaka mudzamalize mankhwala, koma mankhwalawo musadumphe ngakhale tsiku limodzi, ndipo akuchipatala muwauze zimene zinachitika.

Owerenga ena adziwenso izi: kashiamu amagwira mankhwala a ciprofloxacin ndi tetracycline m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi. Pakati pa mankhwala amenewa ndi mkaka, chambiko kapena tchizi pazidutsa maola osachepera awiri.

Kuno kumatentha ndipo magetsi amazimazima. Tchizi changa chimatuluka mafuta, kenako nkhungu. Nditaye?
*Mwini kantini, Cape Maclear*

Mafutawo si kuonongeka. Tchizi chikatenthedwa mafuta ake amasungunuka n'kutulukira kunja ngati thukuta. Pukutani, chidyeka, kungoti chimauma ndipo kukoma kumachepa. Furiji izikhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Magetsi akazima musamatsegule chitseko: furiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Kupitirira apo tchizi cholimba chimapirirabe, koma chofewa chitayeni.

Nkhungu ikamera pa tchizi cholimba, dulani mozungulira ndi pansi pake masentimita awiri ndi theka, mpeni usakhudze nkhunguyo, chotsalacho n'chabwino. Pa tchizi chofewa, chopala kale kapena chodula mopyapyala, mizu ya nkhungu imalowerera mkati mosaoneka, ndiye chonse chipite kudzala. Timadontho toyera tolimba, tomveka ngati mchenga pa lilime, si nkhungu, ndi timibulu touma ta kashiamu kapena tochokera ku mapuloteni.

Mukatsegula paketi, kulungani tchizi m'pepala loyera kenako muike m'kontena. Pulasitiki yomata imasunga chinyezi ndipo nkhungu imafulumira. Chikhoza kukhala masabata atatu kapena anayi. Ngati n'chambiri, palani chonse, mugawe m'timapaketi, muike mufiriza, muzitulutsa ka tsiku limenelo. Chochokera ku Joni pa basi chakhala masiku awiri kapena kuposa chikutenthedwa. Cholimba chosatsegula chimafika bwino, koma paketi ikafufuma kapena ikamadontha musalawe.

Tili ndi ng'ombe yamkaka ndipo masiku ena mkaka umatsala. Tingapange tchizi tokha popanda makina?
*Mlimi wa ku Katuli*

Mungathe, bambo, ndipo mtundu wake ndi umene amwenye amati paneer. Sichifuna reneti, ndiye funso la halaal palibe, ndipo mchere mumaika nokha kapena osaika, zimene zingathandize bambo a ku Monkey Bay aja. Cheddar musayese, chimafuna chipinda chozizira kwa miyezi.

Tengani malita awiri a mkaka wa tsiku lomwelo, wosaengula mafuta. Finyani mandimu mupeze masupuni aakulu 5 kapena 6 a madzi ake, musefe nthangala. Viniga woyera amagwiranso ntchito pa muyezo womwewo. Wiritsani kansalu koyera kopyapyala, kaume padzuwa. Ikani mkaka pamoto mukutakasa kuti usapserere pansi. Ukangowira n'kuyamba kukwera, phulani. Thirani mandimu supuni imodziimodzi mukutakasa pang'onopang'ono. Mudzaona timibulu toyera tikulekana ndi madzi achikasu obiriwirako. Madziwo akangosiya kuoneka ngati mkaka, siyani kuthira mandimu ngakhale atatsala. Vundikirani kwa mphindi 10. Kenako yalani kansalu pa sefa, khuthulirani, tsukuluzani timibuluto ndi kapu ya madzi owiritsa ozizira kuti kuwawasa kuchoke. Ngati mukufuna mchere, kotala ya supuni ya tiyi yakwana. Mangani kansaluko, kapachikeni kwa theka la ola kuti kakhe, kenako kaikeni pakati pa mbale ziwiri, pamwamba musanjike poto wodzaza madzi kwa ola limodzi kapena awiri. Mupeza magalamu 300 kapena kupitirira pang'ono.

Zikalakwika, chifukwa chake chimadziwika. Mkaka ukakana kulekana, madzi n'kukhalabe oyera ngati mkaka, ndiye kuti unazizira kapena mandimu achepa: bwezerani pamoto pang'ono, onjezerani supuni imodzi. Chikatuluka chowawasa ndi chonyenyeka, mandimu anachuluka. Chikalimba ngati mphira, munapitiriza kuwiritsa mutathira kale mandimu, kapena munachipsinja nthawi yaitali. Chikatuluka chochepa kwambiri, mkakawo unali wothira madzi. Mkaka wa m'mapaketi wokhalitsa uja umatulutsa timibulu ting'onoting'ono tokana kugwirana, ndipo wa mbuzi umatulutsa tchizi chofewerapo, chofuna kansalu kothina maso.

Tchizi chimenechi sichisungunuka pamoto. Chiduleni m'timabokosi, mukazinge mbali zonse mpaka chifiire, muthire mu supu ya tomato ndi anyezi kapena mu bonongwe, mudyere nsima kapena mpunga. Madzi achikasu aja musataye, muli mapuloteni ndi kashiamu wina: phikirani phala kapena kandirani chigumu. Lakitozi wambiri ali m'madzi amenewa ndipo wina watsalira mu tchizimo, ndiye amene mkaka umawakana ayambe ndi pang'ono. M'furiji chimakhala masiku atatu. Ngati furiji mulibe, pangani m'mawa, chidyedwe chophika tsiku lomwelo lisanade.